Funsani za Kompyuta: Zilembo pa Monita ya 4K ndi pa Monita Yotambalala

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse akukhudza kawerengekedwe ka zilembo pa monita. Ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ya maakaunti ndipo tsiku lonse ndimakhala pa Excel. Wamalonda wina m'tauni muno wandionetsa mamonita awiri. Imodzi ndi yotambalala m'mbali, ya mainchi 34, yolembedwa 3440 × 1440. Inayo ndi ya mainchi 27, ya 4K. Iye akuti nditenge yaikuluyo chifukwa manambala adzaoneka aakulu ndiponso omveka bwino m'maso. Akunena zoona?
Bambo wa maakaunti, Katoto

YANKHO: Bambo, pamenepa wamalondayo waphonya. Kukula kwa monita si kumene kumakulitsa zilembo, ndipo si kumene kumazisalalitsa. Chofunika kudziwa ndi chakuti m'inchi imodzi ya sikirini mwapanikizana timadontho tingati, timene timatchedwa mapikiselo. Nambala imeneyi amailemba kuti PPI.

Mukhoza kuiwerengera nokha pa foni. Chulukitsani 3440 ndi 3440, chulukitsaninso 1440 ndi 1440, phatikizani mayankho awiriwo, kenaka dinani chizindikiro cha √. Mupeza 3729. Gawani ndi mainchi 34, ndipo yankho ndi 110. Mukachita chimodzimodzi ndi ya 4K, imene ili ndi mapikiselo 3840 × 2160 pa mainchi 27, mupeza 163. Kuti muone pamene manambalawa aima, monita wamba ya muofesi ya mainchi 24 ya 1920 × 1080 ili ndi 92, ndipo ya mainchi 27 ya 2560 × 1440 ili ndi 109.

Taonani 109 ndi 110 amenewo. Monita yotambalala ya mainchi 34 kwenikweni ndi monita ya mainchi 27 ya 2560 × 1440 imene aiwonjezera m'mbali. Msinkhu wake ndi masentimita 33 ndi pang'ono, wofanana ndi wa ya mainchi 27. Chosiyana ndi m'lifupi basi: masentimita 80 m'malo mwa 60. Choncho nambala ya mu Excel sikula ngakhale pang'ono chifukwa cha mainchi 34 aja. Chimene mwagula ndi malo.

Ya 4K imayenda mwina. Windows anaipanga poganiza kuti sikirini ili ndi mapikiselo 96 pa inchi, ndipo zimenezi ndi zimene imazitcha 100%. Chilembo cha saizi 12 imachipatsa msinkhu wa mapikiselo 16. Pa monita ya PPI 110 mapikiselo 16 amenewa ndi mamilimita 3.7, pamene pa ya PPI 163 ndi mamilimita 2.5 okha, tizilembo tonga nyerere. N'chifukwa chake ya 4K ya mainchi 27 sitiisiya pa 100%. Timaiika pa 150%, ndipo chilembo chija chimalandira mapikiselo 24, amene pa sikirini imeneyo ndi mamilimita 3.7 omwe aja. Kukula n'kumodzi, koma chilembocho chajambulidwa ndi timadontho tochuluka kuposa kawiri. Mapindikidwe a 3, 6, 8 ndi 9 amatuluka osalala, opanda mano a sowo m'mphepete, ndipo chizindikiro cha koma (,) sichisokonezeka ndi kadontho. Kwa munthu wowerenga manambala a ndalama, kumeneko si kukongola chabe.

Koma kusalalako kumalipiridwa ndi malo. Gawani 3840 × 2160 ndi 1.5, mutsala ndi malo ogwirirapo ntchito a 2560 × 1440. Mu Excel, makolamu akakhala pa saizi yake yachibadwa ya mapikiselo 64, monita ya 4K pa 150% imakuonetsani makolamu pafupifupi 39, kufika cha pa AM. Yotambalala ija pa 100% imaonetsa pafupifupi 53, kufika cha pa BA. Mizere yotsika pansi ndi yofanana konsekonse.

Ndiye sankhani potengera mashiti anu. Ngati mumakhala mukukoka shiti kumanja ndi kumanzere pofuna kuona Januwale mpaka Disembala pamodzi ndi ma totali, kapena mumatsegula sitetimenti ya kubanki mbali imodzi ndi buku la ndalama mbali ina, tengani yotambalala. Ngati vuto lanu ndi maso otopa pofika madzulo, ndipo mashiti anu ndi aatali chotsika, ya 4K idzakuchitirani bwino kwambiri.

Pali yachitatu imene sanakuonetseni, ndipo ife tikanaiika patsogolo pa ziwirizo: 4K ya mainchi 32. PPI yake ili cha pa 140. Mukaiika pa 125%, malo ogwirirapo ntchito amakhala 3072 × 1728, kutanthauza makolamu pafupifupi 47 ndi mizere yambiri chotsika kuposa mamonita awiri aja, zilembo zili zosalala kuposa za pa yotambalala. Imafuna tebulo lakuya ndithu, chifukwa msinkhu wake ndi masentimita 39 ndipo simungaikhalire pafupi.

Musanapereke ndalama, pitani ndi laputopu yanu, chingwe chanu ndi shiti yanu yeniyeni. Zithunzi za mapiri ndi maluwa zimene amaonetsa m'mashopu zimaoneka bwino pa monita iliyonse.

FUNSO: Ndinagula monita ya 4K ya mainchi 27 yogwiritsa ntchito pa shopu yanga yotayipa ndi kusindikiza. Zilembo zinali zazing'ono kwambiri, ndiye mnyamata wina anandisinthira resolution kufika pa 2560 × 1440. Tsopano zakula koma zikuoneka mwachimbuuzi. Komanso pulogalamu yakale imene ndimalembera malisiti sioneka bwino ngakhale pang'ono. Monitayi ndi yabodza?
Mayi wa shopu yotayipa, Chibavi

YANKHO: Mayi, monita yanu ilibe mlandu. Mnyamatayo anagwira batani lolakwika, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepo.

Sikirini ya LCD ili ndi mapikiselo owerengeka amene sasuntha. Mukaituma kuti ionetse chithunzi cha 2560 m'lifupi pa mapikiselo 3840, kadontho kalikonse ka chithunzicho kamayenera kugona pa pikiselo imodzi ndi theka. Theka la pikiselo kulibe, ndiye monita imasakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. Chimbuuzi chimene mukuonacho ndi kusakaniza kumeneku. Resolution isiyeni pa nambala yake yachibadwa nthawi zonse, ndipo kukula kwa zinthu muzikusintha ndi Scale.

Chitani chonchi. Dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa desikitopu, sankhani Display settings. Pa Display resolution bwezerani 3840 × 2160, pamene palembedwa Recommended. Pamwamba pake pali Scale, imene mu Windows 10 yalembedwa kuti Change the size of text, apps, and other items. Ikani 150%. Ngati zilembo zikuchepabe, ikani 175%, ndipo zidzafanana kukula ndi za pa monita wamba ya mainchi 24. Mukatero tulukani mu akaunti yanu ya Windows n'kulowanso, chifukwa mapulogalamu ena sazindikira kusinthako kufikira atayambanso. Custom scaling, pamene munthu amalemba nambala yakeyake monga 137, ipeweni: imagwira mamonita onse olumikizidwa nthawi imodzi ndipo mapulogalamu ena amasokonezeka nayo.

Ngati mabatani ndi zithunzi zili bwino koma mawu okha ndi amene akuchepa, musakweze Scale. Mu Windows 11 pitani ku Settings, Accessibility, Text size, n'kukoka kachizindikiro kufika mwina pa 115%. Mu Windows 10 zili pa Ease of Access, Display, Make text bigger. Kenaka lembani mawu akuti ClearType pa malo ofufuzira, tsegulani Adjust ClearType text, chida cha Windows chosalalitsira zilembo, ndipo pa tsamba lililonse sankhani bokosi limene mukuwerenga mosavuta. Muchite zimenezi mutakhala mmene mumakhalira pogwira ntchito, osati mutaweramira pa sikirini.

Pulogalamu ya malisiti ija ili ndi vuto lakelake. Mapulogalamu ambiri akale analembedwa nthawi imene masikirini onse anali cha pa 96, ndipo sadziwa kujambula zilembo pa 150%. Windows imaisiya pulogalamuyo kuti ijambule windo lake laling'ono, kenaka imalikoka ngati chithunzi. Njira yoyesa ilipo. Tsekani pulogalamuyo, dinani chizindikiro chake ndi batani lakumanja, sankhani Properties, Compatibility, Change high DPI settings. Chongani pa Override high DPI scaling behavior. M'munsi mwake muli zosankha zitatu. Yambani ndi System Enhanced, imene imajambulanso zilembo mosalala pa mapulogalamu ambiri akale. Ikakanika yesani Application: zilembo zidzathwa, koma mwina zidzachepa kwambiri kapena mawu ena adzadukira m'mabatani. System ndi kukoka kuja kumene mukukuona kale. Pulogalamu ikakana zonsezi, ndipo ndi imene imakubweretserani ndalama, Scale ya 200% imathandizako, chifukwa kadontho kalikonse kamangowirikiza kawiri popanda zotsalira. Mukatero malo anu amatsika kufika pa 1920 × 1080.

Chinthu china chokhudza ntchito yanu: pepala la A4 ndi lalitali masentimita 29.7, ndipo sikirini yanu ndi 33.6. Mukachotsapo malo a mabatani a Word, tsamba lathunthu silikwana pa saizi yake yeniyeni. Ngati mwendo wa monita yanu umalola kuitembenuza kuti iime chilili, yesani, n'kusintha Display orientation kukhala Portrait. Kwa munthu wotayipa makalata ndi ma CV tsiku lonse, kaimidwe kameneka n'kopindulitsa kuposa monita yotambalala.

FUNSO: Ndaona monita yotambalala ya mainchi 34 yotchipa kwambiri poyerekeza ndi zinzake, yabwera ndi katundu wochokera ku Dar es Salaam. Pa katoni palembedwa UltraWide Full HD. Ndigule?
Mnyamata wojambula mapositala, Zolozolo

YANKHO: Achimwene, mawu akuti Full HD pa monita yotambalala amatanthauza 2560 × 1080, ndipo kutchipako kwachokera pamenepo. Pa mainchi 34 PPI yake ndi 82, yotsika kuposa ya monita wamba ya muofesi. Munthu wa maso abwino amafunika kukhala patali kupitirira mita imodzi kuti asiye kuona timadontho take, pamene tebulo lambiri limakuikani pa masentimita 60 kapena 70. Poonera mpira ndi mafilimu ili bwino. Pa ntchito ya zilembo, ayi. Chotsika ili ndi mapikiselo 1080 okha, ndiye mabatani a CorelDRAW kapena Photoshop akatenga gawo lawo, positala yanu imatsala ndi kampata kochepa.

2560 × 1080 yomweyo pa mainchi 29 imapereka PPI 96, imene ndi yovomerezeka, kungoti msinkhu wa sikirini ndi masentimita 28 ndi theka, ngati monita ya mainchi 23. Anthu ambiri amadabwa akaitulutsa m'katoni kuti ndi yaifupi chotero.

Musadalire katoni. Werengani nambala ya modelo pa kapepala ka kumbuyo kwa monita, muifufuze pa intaneti, muone native resolution, nambala yake yachibadwa ya mapikiselo. Mawu akuti 4K supported nthawi zina amangotanthauza kuti monitayo imalandira chithunzi cha 4K n'kuchichepetsa. Ikayaka, tsegulani tsamba loyera lokhalokha kenaka lakuda lokhalokha, muyang'ane timadontho takufa ndi zigamba, makamaka poti yayenda ulendo wautali pa msewu.

FUNSO: Ndalumikiza monita ya 4K ku laputopu yanga yogula kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito. Chithunzi chikubwera, koma mausi ikuyenda modukiza ndipo ndikamatsitsa tsamba mawu sawerengeka. Mnzanga amagwiritsa ntchito TV ya mainchi 43 ngati monita, iye akudandaula kuti mawu ofiira ndi abuluu amaoneka othimbirira. Vuto lathu ndi limodzi?
Mphunzitsi, Chiputula

YANKHO: Aphunzitsi, mavuto anu ndi apachibale, chifukwa onse akuchokera pa njira imene chithunzi chikudutsa. 4K ili ndi mapikiselo opitirira 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi a 1920 × 1080, ndipo onsewa ayenera kutumizidwa ka 60 pa sekondi kuti zinthu ziziyenda mosalala. HDMI ya mtundu wa 1.4, imene ili pa malaputopu ambiri akale, imakwanitsa 4K pa 30 Hz pokha, kutanthauza ka 30 pa sekondi. HDMI 2.0 ndi DisplayPort 1.2 ndi zimene zimafika pa 60 Hz.

Tsimikizani kaye. Ku Display settings tsegulani Advanced display, muone pa refresh rate. Mukapeza 30 Hz kapena 24 Hz, vuto lapezeka. Tsono yang'anani m'mbali mwa laputopu. Ngati pali DisplayPort, kapena yaing'ono yake yotchedwa Mini DisplayPort imene imapezeka pa malaputopu ambiri a m'maofesi, gwiritsani ntchito imeneyo ndi chingwe cholunjika ku DisplayPort ya monita. Ngati pali USB-C yokhala ndi chizindikiro cha mphezi kapena cha chilembo D, gulani chingwe cha USB-C kupita ku DisplayPort. Si USB-C iliyonse imene imatulutsa chithunzi. Timabokosi totchipa togawa USB-C kukhala HDMI ndi ma USB angapo tambiri timathera pa 30 Hz, ndipo zimalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo kwa paketi. Lowaninso mu menyu ya monita yeniyeniyo, chifukwa ena amabwera ataikidwa pa DisplayPort 1.1 kapena HDMI 1.4 ndipo muyenera kukweza nokha. Adaputala ya VGA musaiyese n'komwe pa 4K.

Zonsezi zikakanika, ndiye kuti chipangizo cha zithunzi cha mu laputopuyo chafika pamapeto ake. Fufuzani dzina la purosesa yake pa tsamba la Intel kapena AMD, pamene amalemba resolution yaikulu imene imakwanitsa pa HDMI ndi pa DisplayPort. Kwa laputopu yakale, monita ya 2560 × 1440 kapena ya 3440 × 1440, imene ili ndi mapikiselo osakwana 5 miliyoni, ndi katundu wopepukirapo.

Za mnzanuyo: njira ikachepa, TV ndi kompyuta zimagwirizana zochepetsa uthenga wa mitundu. Kuwala kwa pikiselo iliyonse kumatumizidwa, koma mtundu umodzi umagawidwa kwa mapikiselo anayi. Pa Advanced display zimaoneka ngati YCbCr420. Mufilimu diso silizindikira, koma mizere yopyapyala ya zilembo zofiira ndi zabuluu imasungunuka. Chofunika ndi RGB kapena YCbCr444. Auzeni alowe mu menyu ya TV, pobayira HDMI pamene alumikizapo apatche dzina la PC, ndipo ayatse chimene LG imachitcha HDMI Ultra HD Deep Colour, Samsung Input Signal Plus. Atsitse Sharpness, chifukwa imajambula mzere woyera kuzungulira chilembo chilichonse, ndipo ngati m'mphepete mwa desikitopu mwadukira asankhe Just Scan kapena Fit to Screen. TV ya 4K ya mainchi 43 ili ndi PPI 102, ndiye zilembo zikhoza kuwerengeka pa 100% kapena 125%. Ngati TV yawoyo ndi ya 1920 × 1080, PPI yake ndi 51, ndipo palibe batani limene lingaikonze.

FUNSO: Ndili ndi yotambalala ya mainchi 34. Ndikatsegula nkhani kapena imelo mizere imatalika moti ndimasochera pobwerera ku mzere wotsatira, ndipo khosi limandipweteka. Ndikanagula yopindika?
Wogwira ntchito m'bungwe, Katawa

YANKHO: Vuto si kupindika kwenikweni, koma kutsegula windo limodzi kudzaza sikirini yonse. Anthu okonza mabuku amadziwa kuyambira kale kuti mzere wowerengeka bwino umakhala ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75. N'chifukwa chake nyuzipepala imagawa tsamba m'mizati. Mzere wa masentimita 80 umapitirira pamenepo kangapo.

Monita yotambalala muziitenga ngati mamonita awiri kapena atatu opanda mpanda pakati. Batani la Windows pamodzi ndi muvi wakumanzere kapena wakumanja limakankhira windo ku theka la sikirini, lililonse mapikiselo 1720 m'lifupi. Mu Windows 11, Windows ndi Z zimaonetsa magawidwe angapo, kuphatikizapo a patatu. Kugawa pawiri kuli ndi vuto limodzi: patsogolo penipeni pa mphuno yanu pamakhala malire, ndipo tsiku lonse mutu umakhala utapotokera mbali imodzi. Kupweteka kwa khosi kumayambira pamenepo. Gawani patatu, chimene mukuwerenga chikhale pakati, imelo ndi WhatsApp zikhale m'mbali. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PowerToys ili ndi FancyZones, imene imakulolani kudula magawo a saizi yanu, mwachitsanzo 860, 1720 ndi 860.

Kupindika kumathandiza kuti m'mphepete musatalikire maso. Nambala monga 1800R imatanthauza kuti sikirini ndi chidutswa cha bwalo limene kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi mamilimita 1800, ndipo nambala ikachepa kupindika kumakula. Pa mainchi 34 kupindika pang'ono n'kwabwino koma mukhoza kukhala popanda, pamene pa mainchi 49 ya 5120 × 1440 n'kofunika. Ojambula mapulani a nyumba ambiri amakonda yosapindika chifukwa mizere yowongoka imaoneka yokhota. Yanuyo ikankhireni kumbuyo kufika masentimita 70 kapena 80, ndipo ngati zilembo zachepa ikani 125%, podziwa kuti malo atsika kufika pa 2752 × 1152.

FUNSO: Ndikakoka windo kuchoka pa laputopu kupita pa monita limakula mwadzidzidzi, nthawi zina n'kuchita chimbuuzi. Chavuta n'chiyani?
Namwino, Mchengautuwa

YANKHO: Palibe chawonongeka, mayi. Laputopu ya mainchi 14 ya 1920 × 1080 ili ndi PPI 157 ndipo imakhala pa 150%, pamene monita wamba imakhala pa 100%. Windo likamawoloka limasintha Scale. Mapulogalamu atsopano amadzijambulanso, akale amatsatira sikirini imene inali yotsogolera (main display) pa nthawi imene munalowa mu Windows. Ku Display settings dinani bokosi la monita imene mumagwirirapo ntchito kwambiri, chongani Make this my main display, tulukani mu akaunti n'kulowanso monitayo ili yolumikiza. Onetsetsaninso kuti mwasankha Extend osati Duplicate, chifukwa Duplicate imakakamiza masikirini onse awiri kukhala pa resolution imodzi.

FUNSO: Ndine wophunzira pa Mzuzu University. Ndimagwiritsa ntchito MacBook, mnzanga wa m'chipinda ali pa Ubuntu. Tikufuna kusonkherana monita imodzi yolembera mapulogalamu. Pa monita ya mnzathu ya 3440 × 1440 zilembo za Mac zimaoneka zonenepa ndi zosathwa kusiyana ndi za Windows. Chifukwa chiyani?
Wophunzira, Luwinga

YANKHO: Mwaona bwino. Pikiselo iliyonse ili ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. ClearType ya Windows imayatsa tizigawoti patokhapatokha kuti m'mphepete mwa chilembo musalale, ndipo ndi chimene chimapulumutsa mamonita a PPI yotsika. Apple inasiya njira imeneyi kuyambira pa macOS Mojave mu 2018, chifukwa masikirini ake ambiri ali ndi PPI yopitirira 200. Monita yake ya mainchi 27 ya 5120 × 2880 ili ndi 218. Pa PPI 110 Mac ilibe chobisira kuchepa kwa timadontho.

Pa Mac, 4K ya mainchi 27 imawerengeka bwino kwambiri kuposa yotambalala. Ku System Settings, Displays, mukasankha kuti izioneka ngati 2560 × 1440, Mac imajambula chithunzi cha 5120 × 2880 n'kuchichepetsa kuti chikwane pa 3840 × 2160. Zilembo zimafewa pang'ono poyerekeza ndi 5K yeniyeni ndipo makina amagwira ntchito yowonjezera, komabe zotsatira zake n'zabwino. Mukasankha 1920 × 1080 zimathwa kotheratu koma zonse zimakula.

Kwa mnzanu wa Ubuntu nkhani imatembenuka. Yotambalala pa 100% ilibe vuto lililonse. 4K imafuna 150%, ndipo ayenera kuyatsa Fractional Scaling ku Settings, Displays. Mapulogalamu ena akale amachita chimbuuzi akatero. Njira ina ndi kusiya 100% n'kuyatsa Large Text ku Accessibility, kapena kuika 200%. KDE Plasma 6, desikitopu ina imene mungaike pa Ubuntu, imene inatuluka mu 2024, imayendetsa bwino ma Scale a pakatikati ngati amenewa. Poti mukusonkherana, tikanasankha 4K: vuto la Ubuntu lili ndi pokonzera, la Mac pa PPI 110 lilibe. Polemba mapulogalamu mizere yotsika ndi imene imafunika kuposa m'lifupi. Mamonita a OLED asiyeni kaye, chifukwa ambiri tizigawo ta mapikiselo awo tinayalidwa mosiyana ndipo zilembo zimatuluka ndi kamtundu m'mphepete, komanso zinthu zokhala malo amodzi nthawi yaitali zimatha kusiya chipsera.

FUNSO: Ndili ndi zaka 54 ndipo ndimakonza zolakwika m'mabuku a mpingo a Chichewa ndi Chitumbuka. Pa monita yanga ya mainchi 27 ya 1920 × 1080 ndimavutika kusiyanitsa w ndi ŵ. Ndimavala magalasi owerengera koma pa kompyuta sandithandiza. Kodi 4K ithetsa vutoli?
Bambo wa ku Chimaliro

YANKHO: Bambo, ithetsa theka lake. Monita yanu ili ndi PPI 82. Pa saizi 12, kachipewa ka pa ŵ kamapatsidwa mapikiselo awiri kapena atatu chotsika, ndiye kamangooneka ngati kachitsotso. Pa 4K ya mainchi 27 yoikidwa pa 175% kapena 200%, kachipewako kamakhala ndi nsonga yooneka, ndipo apositirofi ya mu ng' imasiyana bwino ndi chizindikiro cha mawu ogwidwa. Pa ntchito yanu yotambalala siikupatsani kanthu. Pamene mukusonkhanitsa ndalama, kwezani zoom ya Word kufika 150% kapena 180%, zimene sizisintha saizi ya zilembo posindikiza, ndipo powerenga gwiritsani ntchito mtundu wa zilembo umene unapangidwira sikirini monga Verdana kapena Georgia. Kuti mupeze ŵ aliyense m'buku, dinani Ctrl ndi F, muikemo ŵ, ndipo Word idzawaonetsa ndi mtundu wachikasu. Chilembocho chimalembedwa potayipa 0175 kenaka Alt ndi X, chachikulu 0174.

Theka linalo ndi magalasi. Kuyambira zaka za m'ma 40 diso limayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo magalasi owerengera amapimidwa pa mtunda wa buku, masentimita 35 mpaka 40. Monita imakhala pa 60 kapena 70, kunja kwa mphamvu ya magalasiwo, ndiye munthu amaweramira kutsogolo mpaka msana kuwawa. Tengani tepi, yezani kuchoka pa diso kufika pa sikirini mutakhala mowongoka, mupite ndi nambala imeneyo kwa opima maso, monga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, mukawauze kuti mukufuna magalasi a pa kompyuta. Amakhala ochepa mphamvu kuposa owerengera. Amene amavala magalasi a magawo awiri kapena osintha mphamvu kuchoka pamwamba kutsika pansi aitsitse monita, kuti asamadzutse chibwano pofuna kuonera m'munsi mwa galasi. Kwa iwo monita yotambalala imavuta kwambiri, chifukwa kampata koonera bwino m'galasimo n'kopapatiza ndipo m'mbali mwa sikirini mumachita chimbuuzi.

M'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mulingane ndi maso kapena mutsikeko pang'ono. Windo la nyumba likhale cham'mbali, osati kumbuyo kwanu kapena kumbuyo kwa monita. Kuwala kuyezeni ndi pepala loyera: liikeni pambali pa tsamba loyera la Word, mutsitse Brightness mpaka ziwirizo zifanane. Mamonita ambiri amachoka kufakitale akuwala mopitirira, ndipo kutsitsako kumatalikitsanso moyo wa batire ngati magetsi akazima mumadalira invata. Pokonza zolakwika werengani zilembo zakuda pa tsamba loyera, chifukwa zoyera pa tsamba lakuda zimamwazika m'maso mwa anthu ambiri ndipo kachipewa kaja kamasowanso. Munthu akamayang'ana sikirini amaphethira mochepa, n'chifukwa chake maso amauma ngati mwalowa mchenga. Mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Ngati mutachita zonsezi mukuonabe zinthu ziwiriziwiri, mutu ukupweteka tsiku ndi tsiku, kapena diso limodzi likuona mosiyana ndi linzake, pitani mukapimitse maso musanagule monita iliyonse.